Dikishonale ya ndale ndi chuma ili m'misewu ya Kabula

Mtsikana wina wa Fomu 3 anandiyankha bwino kwambiri nditafunsa tanthauzo la "migrant labour". Anaimirira n'kulakatula chiganizo chonse monga chinalembedwera mu dikishonale, osaphonya ndi liwu limodzi lomwe. Nditamufunsa ngati akudziwapo munthu amene anagwirako ntchito yotereyi, anaganiza pang'ono n'kuyankha kuti, "Ayi aphunzitsi, zimenezo ndi za kunja." Mwana ameneyu holide iliyonse amakwerera basi pa Wenela popita kumudzi. Titacheza pambuyo pake ndinamva kuti agogo ake aamuna anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni, ndipo amalume ake panopa ali ku Cape Town.

Sindinamudzudzule. Analoweza zimene tinamupatsa, m'njira imene tinamupatsira: mawu a Chingerezi kumanzere kwa bolodi, matanthauzo a Chingerezi kumanja, mayeso Lachisanu. Mawu a ndale ndi chuma timawaphunzitsa ngati mayina a zinyama za kutali zomwe mwana sadzazionako. Chonsecho ambiri mwa mawuwa anakulira m'mizinda ngati yathuyi. Ena anagawa malo okhala, ena anachotsa anthu m'minda ya makolo awo, ena ndi omwe akukweza mtengo wa sopo lero lino. Maganizo anga ndi akuti mwana wa ku Blantyre, Zomba kapena Lilongwe aziphunzira mawu amenewa kuyambira pa malo omwe amawaponda, ayambe wawamva m'Chichewa, ndipo pa liwu lililonse azifunsa kuti analibweretsa ndani, nanga ankafuna kuti anthu amve chiyani.

Tiyambire pa Wenela pomwepo. Dzinali linachokera ku Witwatersrand Native Labour Association, bungwe la eni migodi ya golide ku South Africa lomwe linkalemba anthu ntchito m'maiko a kuno. Azigogo athu ankalembetsa, kupimidwa m'thupi, kudinda chala pa kontirakiti, n'kuuyamba wa ku Joni. Gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandire atabwerera kwawo. Mu 1974 ndege yomwe inanyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, anthu oposa 70 n'kufa, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito imeneyi. M'kankhani kakafupika muli "recruitment", "contract", "deferred pay", "remittance" ndi "ban". Mwana akamva izi, n'kukafunsa agogo ake kuti njinga ija ndi malata a nyumba anagula ndi ndalama ziti, liwu lakuti "remittance" salowezanso, limangokhala lake. Amazindikiranso yekha kuti ndalama zomwe amalume amatumiza pafoni kuchokera ku Cape Town dzina lake ndi lomweli, ndiponso kuti amene sanabwerere tinawapatsa kale dzina lathu, matchona.

Mukachoka pa Wenela kulowera ku Limbe, msewu umakuphunzitsani wokha. Mandala ndi kumene kunali likulu la African Lakes Company yomwe inkayendetsedwa ndi abale awiri John ndi Frederick Moir, ndipo nyumba yawo ya mu 1882 ikadalipo. Dzinalo akuti linachokera pa magalasi a m'maso a John. Apo pali "trading company" ndi "shareholder". Pa Ginnery Corner makondakitala amakuwa dzinalo kambirimbiri pa tsiku, koma ndi ana angati akudziwa kuti "ginnery" ndi malo ochotsera njere mu thonje? Pamenepo pali khomo lolowera ku "cash crop", "raw material" ndi "export". Limbe inakula chifukwa cha njanji ndi fodya wa Imperial Tobacco Company, ndipo inali tauni payokha mpaka mu 1956 pamene inaphatikizidwa ndi Blantyre. Ulendo umodzi wa minibasi, mawu khumi ndi kuposerapo.

Koma kudziwa malo n'chiyambi chabe. Chovuta n'chakuti mawu amenewa sakhala chete pamalo amodzi, amasuntha, ndipo dikishonale yosindikizidwa ku Oxford siitha kutsata kusuntha kwawo m'mzinda uliwonse. Taonani "township". Lero tikati "township" tikunena Ndirande, Bangwe, Zingwangwa kapena Chilomoni. Koma m'mapepala a nthawi ya atsamunda, "Blantyre township" inali tauni yeniyeniyo, dera lokhala ndi malire ndi khonsolo yake, kumene kunali nyumba za Azungu ndi masitolo a Amwenye. Anthu akuda ambiri omwe ankagwira ntchito mmenemo ankagona kunja kwa malirewo, m'midzi ya m'mphepete, n'kumalawirira wapansi m'mamawa. Ndirande inakula motero. Ndiye kuti liwu lomwe kale linkatanthauza mkati mwa mpanda, lero likutanthauza kunja kwake. Ku South Africa liwu lomweli linkanena malo monga Soweto, omwe boma la tsankho linapatulira anthu akuda. Ku America limangonena kachigawo ka boma laling'ono, popanda nkhani ya khungu. Mwana amene analoweza tanthauzo limodzi akawerenga mbiri ya Blantyre adzaimva mozondoka, n'kumaganiza kuti khonsolo ya Azungu ija inkasamalira Ndirande.

Liwu lomwe limandikhudza kwambiri ndi "estate". Kwa Mngelezi wa ku London likhoza kungotanthauza mdadada wa nyumba zomangidwa pamodzi. Kwa loya ndi chuma chamasiye. Kwa munthu wa ku Thyolo, Mulanje kapena Chiradzulu ndi nkhani ya magazi. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka kwa Azungu zikalata zotchedwa "Certificates of Claim", zomwe zinatsimikiza kuti malo aakulu a m'mapiri a Shire ndi awo. Anthu omwe anapezeka pa malowo, pamodzi ndi omwe anabwera kuchokera ku Mozambique, anasanduka "tenants", ndipo lendi yawo inali kugwira ntchito m'munda wa mwini esiteti. Ife timadziwa dzina lake: thangata. Liwu labwinobwino, lochokera ku kuthangata, kuthandizana pa ntchito monga anansi amachitira, linasanduka dzina la goli. Pamwamba pake panali msonkho wa nyumba, "hut tax", womwe unkakakamiza munthu kusaka ndalama kwa Mzungu yemweyo. John Chilembwe ataukira mu Januwale 1915, imodzi mwa malo omwe anthu ake anapita inali esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero.

Tsono tayerekezani kuti mwana waphunzira kuti "tenant" ndi munthu wochita lendi, basi. Akawerenga chiganizo chakuti "tenants on private estates" m'buku la mbiri, m'maganizo mwake mudzabwera munthu wolipira landilodi pakutha pa mwezi ku Chilobwe. Mkwiyo wa 1915 sadzaumvetsa. Apa Chichewa chikunena zoona zomwe Chingerezi cha m'maofesi chinabisa. Ngakhale liwu lathu lakuti atsamunda, tamverani bwino, muli munda mkati mwake. Chingerezi chimati "colonialists", liwu lomwe silikuonetsa chimene chinalandidwa. Makolo athu anatchula chinthucho. Mwana amene wagwira mawu awiri onsewa, la Chingerezi ndi la Chichewa, amaona kutali kuposa wodziwa limodzi.

Pali mawu ena omwe kusiyana kwawo kunali chida pa ndale. Nyasaland sinali "colony" monga Southern Rhodesia, inali "protectorate", dziko lomwe pa pepala linali pansi pa chitetezo cha ufumu wa Britain kuyambira mu 1891. Chikomekome cha mkuyu, inde, chifukwa chitetezocho chinkabwera ndi msonkho ndi mfuti. Komabe pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakhazikitsidwa mu 1953, mafumu ndi atsogoleri a Congress anagwira liwu lomwelo n'kufunsa kuti: ngati ndinu otiteteza, mukutiperekeranji m'manja mwa Azungu a ku Salisbury? Anthu amene aja ankadziwa Chingerezi cha ndale mozama moti anachitembenuza kuti chilase eni ake. Ndicho chomwe ndikufuna kwa ana athu, osati kulakatula kokha. Ndipo pa 3 Malichi chaka chilichonse akamakhala pa holide, adziwe kuti "state of emergency" ndi "detention without trial" ndi mawu a tsiku limenelo mu 1959.

Mawu a masiku ano nawonso ali ndi mbali yomwe aimira. Malo amodzi omwewo, tinene Mbayani ku Blantyre kapena Mtandire ku Lilongwe, wina amati "slum", wina "squatter settlement", wina "informal settlement", wina "unplanned area", pomwe wokhalamo amangoti kwathu. Loyamba likunyoza, lachiwiri likuti anthuwa alibe ufulu pa malowo, lachitatu ndi lachinayi ndi a m'malipoti a mabungwe ndi khonsolo. "Low density" ndi "high density" amamveka ngati masamu chabe, koma aliyense akudziwa kuti tikunena kumayadi ndi kwa anthu wamba, ndipo mzere wogawa Sunnyside ndi Namiwawa ku Ndirande unajambulidwa kale nthawi ya atsamunda. Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, lipoti lina limamutcha "informal trader", chikalata china "illegal vendor". Mu 2006 boma litachotsa mavenda m'misewu pa Operation Dongosolo, ndiponso mu 2005 ku Harare pa Operation Murambatsvina, liwu losankhidwa ndi lomwe linkauza anthu ngati ogwetseredwa zisakasa awamvere chisoni kapena ayi. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023 n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, liwu lakuti "encroachment" linamveka kwambiri. Sindikukana kuti kumanga m'phiri n'koopsa. Koma wophunzira wabwino afunsenso kuti anthuwo anakwera phirilo chifukwa chiyani, ndipo ploti yovomerezeka imagulidwa zingati. Safunsa anadya phula.

Tibwere ku chuma, komwe kusadziwa kumapweteka m'thumba. Mu Novembala 2023 tonse tinamva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Liwu lake ndi "devaluation". Chimene chinachitika n'chakuti dola imodzi yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 inayamba kugulidwa K1,700. Ndimawauza ana kuti atenge cholembera. Mtengo wa dola unakweradi ndi 44 peresenti, koma mphamvu ya kwacha pogula dola inatsika ndi pafupifupi 31 peresenti. Manambala onsewa ndi oona, koma akuyankha mafunso awiri osiyana, ndipo wodziwa liwulo bwino amadziwa kufunsa kuti tikuwerengera mbali iti. Kenako timalisiyanitsa ndi "depreciation", pamene ndalama ikuguga yokha pamsika popanda Reserve Bank kulengeza. Timakumbukanso za kugwa kwa kwacha mu 2012 ndi mu Meyi 2022, zomwe makolo awo anazimva pa mtengo wa feteleza ndi mafuta.

"Inflation" ndiye yasokoneza anthu ambiri, ngakhale akuluakulu ophunzira. Wailesi ikanena kuti "inflation" yatsika, anthu pamsika amakwiya n'kumati boma likunama, popeza shuga sanatsike. Koma liwulo silinena mtengo, limanena liwiro lomwe mitengo ikukwerera. Minibasi yomwe inkathamanga kwambiri ikachepetsa liwiro, sikuti yayamba kubwerera m'mbuyo. Ndikafotokoza choncho m'Chichewa, kalasi yonse imamva pa mphindi ziwiri. Ndikangopereka tanthauzo la mu dikishonale, amalemba molondola pa mayeso koma n'kupitiriza kuganiza kuti mitengo iyenera kutsika. Chimodzimodzi "privatisation": n'kosavuta kuimva kwa mwana amene bambo ake kapena anansi ake ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead, kapena ku njanji isanaperekedwe kwa kampani mu 1999. Pomwepo pamabweranso "retrenchment", liwu lomwe mabanja ambiri a mu Blantyre analidziwira pa kalata, asanalione m'buku.

Wina anena kuti ngati Chichewa chikufotokoza bwino chonchi, Chingerezicho n'chachiyani? Ine sindili m'gulu limenelo. Malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Bajeti imawerengedwa m'Chingerezi ku Nyumba ya Malamulo. Mapangano a ngongole ndi IMF kapena World Bank, zikalata za malo, malamulo a khonsolo, zonse zili m'Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi pa MSCE satifiketi sailandira. Kaya zimenezi n'zachilungamo kapena ayi ndi mtsutso wina, ndipo ine ndili ndi maganizo anga pamenepo. Koma pamene zinthu zili chonchi, mwana amene sakumva "lease", "freehold" ndi "customary land" adzasaina chinthu chomwe sakuchidziwa. Ndikufuna ana adziwe Chingerezi chochuluka kuposa chomwe akudziwa panopa. Mkangano wanga uli pa njira.

Aphunzitsi anzanga amandiyankha zinthu zomveka, ndipo sindizipeputsa. Amati nthawi ndi yochepa, silabasi ndi yaitali, kalasi muli ana oposa amene munthu mmodzi angawakwanitse. Zoona. Koma kuloweza kumadyanso nthawi, chifukwa liwu lolowezedwa mu Fomu 3 timalibwerezanso mu Fomu 4 litaiwalika, pamene liwu lomangiriridwa ku Wenela kapena ku mtengo wa shuga limakhala. Amatinso Chichewa chisamveke m'kalasi ya Chingerezi, ndipo sukulu zambiri zimalanga mwana womveka akulankhula chinenero cha kwawo. Ndikuvomereza kuti mwana ayenera kumva ndi kulankhula Chingerezi kwambiri kuti lilime limasuke. Koma mphindi zitatu zofotokoza thangata m'Chichewa sizimuba Chingerezi, zimamupatsa chonena. Ana omwe amakhala duu ndikafunsa funso la m'buku ndi omwewo amalimbirana kuyankha, m'Chingerezi chomwecho chothyokathyoka, ndikafunsa ngati mavenda ayenera kuchotsedwa mu Limbe.

Chodandaula chachitatu ndicho cholemera: kuti izi n'kulowetsa ndale m'kalasi. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi timadziwa chifukwa chake mphunzitsi amaopa. Ine sindiuza mwana chipani choti avotere, ndipo mphunzitsi wochita zimenezo ndi wolakwa. Koma kuphunzitsa "referendum" osatchula 14 Juni 1993, pamene Amalawi anasankha matipate, si kupewa ndale. Ndi kuphunzitsa liwu lopanda kanthu mkati. Kuphunzitsa "decentralisation" ngati mphamvu ku anthu, osanena kuti lamulo lake ndi la mu 1998 koma dziko linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, n'kumusiya mwana akuganiza kuti liwu likalembedwa ndiye kuti chinthucho chachitika.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ubwino wa njirayi ndi wakuti wogwira mawuwa kwawo amawerenga mizinda ina mosavuta. Akamva kuti ku Lusaka anthu amati komboni, kuchokera ku "compound", amadziwa kuti ndi nkhani ya Ndirande yomwe ija mu chovala china. Akawerenga kuti Salisbury inasanduka Harare mu 1982, Lourenço Marques inasanduka Maputo, Léopoldville inasanduka Kinshasa, amakumbukira kuti Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, n'kufunsa chifukwa chake Blantyre, dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland lomwe amishoni anapereka mu 1876, silinasinthe, ngakhale pakamwa timati Kabula. Akamva za kusamutsa likulu ku Nigeria kuchoka ku Lagos kupita ku Abuja, amayerekeza ndi kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndi ngongole ya ku South Africa yomwe inathandiza kumanga likululo. Ndimawauzanso kuti mawu sanayende njira imodzi yokha. Boma, liwu lomwe timatchulira ulamuliro wonse, ndi la Chiswahili lotanthauza mpanda kapena linga, ndipo Angerezi ndi amene analibwereka. Nkhani ija yakuti ndi chidule cha mawu a Chingerezi inangopekedwa pambuyo pake. Ana amasangalala akamva zimenezi, ndipo ine ndimaona kuti chisangalalocho n'chofunika, chifukwa amaleka kuona Chingerezi ngati nyumba ya eni yomwe amalowamo atavula nsapato.

Pali ntchito yomwe si ya aphunzitsi okha. Atolankhani a Chichewa pa wailesi ndi m'nyuzipepala ndi amene amapanga mawu omwe dziko limagwiritsa ntchito, ndipo nthawi zina amafupikitsa mopweteka. "Budget deficit", "public debt" ndi "arrears" zonse zikangotchedwa ngongole za boma, womvera sangadziwe kusiyana kwa ndalama zomwe zaperewera chaka chino, zomwe zaunjikana zaka zonse, ndi zomwe boma silinalipire anthu omwe analigulitsa katundu. Chichewa chikhoza kunena zitatu zonsezi momveka, monga ndachitira apamu, chimangofuna kuti wolemba asachite ulesi. Olemba mabuku a sukulu nawonso atithandize: nkhani yowerenga yokamba za Makata, msika wa Limbe kapena okoshoni ya fodya ku Kanengo imaphunzitsa mawu omwewo amene nkhani ya mzinda wongopeka imaphunzitsa, ndipo mwana amakhala ndi poyambira.

Mtsikana uja ndinamupatsa ntchito yoti akacheze ndi agogo ake pa holide, alembe zomwe amve m'Chichewa, kenako alembe chimangirizo cha Chingerezi. Anabwera ndi masamba atatu. Munali za kupimidwa, za ulendo, za ndalama zomwe agogo anakalandira atabwerera n'kugula ng'ombe ziwiri, ndipo "deferred pay" analiika pamalo pake penipeni. Zolakwika za galamala zinalipo, tinakonza. Pansi pake analemba funso ndi pensulo: "Aphunzitsi, mu dzina la Wenela muli liwu lakuti native. Dikishonale ikuti ndi munthu wobadwira pamalo. Nanga bwanji agogo anakwiya nditawatchula choncho?" Sabata yotsatira phunziro lathu lonse linali pa liwu limodzi limenelo.